Ku Alexandra, Kutsidya kwa Msewu wa M1

Lolemba

Ndalowa mu Alexandra, dera la mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, m'mawa wa lero poyenda wapansi kuchokera ku Sandton, dera la anthu olemera, kudzera pa mlatho wa anthu umene unamangidwa pamwamba pa msewu waukulu wa M1, pafupi ndi Grayston Drive. Mayi amene akundiyendetsa sabata ino anabadwira mu Alexandra momwemo, ndipo ndi iwo amene anaumirira kuti tinyamuke kusanache kwenikweni, ponena kuti munthu wofuna kulimvetsa dera lawo ayambe waona kumene anthu ake amalowera m'mawa. Pa mlathopo tinkapanikizana ndi chikhamu cha anthu olowera kumene ife tinkachokera: alonda ovala mayunifolomu, amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu atakoleka zikwama paphewa, anyamata osamalira maluwa, amisiri omanga nyumba atavala nsapato zodetsedwa ndi simenti. Onsewo ankayenda mwandawala, osayankhulana, ndipo ambiri mwa iwo amayenda choncho tsiku ndi tsiku kuti ndalama ya minibasi ikagule chakudya. Mu Okutobala 2015, pamene mlathowu unkamangidwa, zitsulo zochirikiza zinagwera pa magalimoto amene ankadutsa pansi n'kupha anthu awiri, ndipo mayiwo anandilozera malo ake osaima n'komwe.

Kumbuyo kwathu tinasiya nyumba zosanja zagalasi, likulu la msika wa masheya wa Johannesburg limene linasamukira ku Sandton mu 2000, ndi nyumba ya The Leonardo yotalika mamita 234. Kutsogolo tinadutsa m'mafakitale a ku Wynberg, kenako tinatulukira pa Pan Africa, pamene pali siteji yaikulu ya maminibasi, sitolo zambirimbiri ndi anthu ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu. Kuchokera pamenepo dziko limatsetsereka mpaka ku mtsinje wa Jukskei, ndipo misewu yake ndi yoongoka, yodziwika ndi manambala kuyambira 1st Avenue mpaka 22nd Avenue. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti misewuyo inalembedwa mwadongosolo labwino, koma pakati pa msewu ndi unzake palibe malo ngakhale ochepa amene atsala opanda denga.

Kalembera wa mu 2011 anapeza anthu 179,624 pa malo osakwana masikweya kilomita 7, koma aliyense amene ndayankhula naye lero akuti chiwerengerocho n'chochepa kwambiri, popeza anthu ambiri okhala m'zisakasa za kuseri kwa nyumba sawerengedwa. Ndifikira kwa azakhali a mayi wondiyendetsa, gogo wazaka zopitirira 80 amene ali ndi nyumba yanjerwa yakale m'chigawo chimene amachitcha Old Alex. Andipatsa kachipinda ka mdzukulu wawo amene ali kusukulu yogonera konko.

Lachiwiri

Chimene chandidzutsa ndi phokoso la zidebe. Pabwalo la gogo pali mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi chogejemula, koma mabanja amene amadalira zimenezi alipo 14, motero mzere umayamba nthawi isanakwane 5 koloko. Pachitseko cha chimbudzi pali loko, ndipo banja lililonse lili ndi kiyi wake, chifukwa akachisiya chotsegula anthu odutsa mumsewu amachidzaza tsiku lomwelo. Ndinakhala pakhonde n'kumaonerera mmene bwalo limadzukira. Kanjira kolowera kuzisakasa za kuseri n'kopapatiza moti munthu wamkulu amakhudza malata mbali zonse ziwiri ndi mapewa, ndipo pakati pake padutsa ngalande ya madzi otsukira mbale ndi ochapira. M'kanjira kameneko munatuluka kamtsikana ka sukulu ya pulayimale katavala malaya oyera mbee, ositidwa bwino, nsapato zili phuliphuli, kakuponda mosamala pa njerwa zimene anazindandalika kuti anthu asaponde m'madzi. Mayi ake anandionetsa chipinda chawo pambuyo pake. Muli bedi limodzi, kabati, mbaula ya magetsi ya mafuwa awiri ndi ndowa yosambira, ndipo malaya aja amawasitira pabedi chifukwa tebulo silingakwanemo. Bedi lenilenilo analilowetsa ataliphwasula.

Masana gogo anandiitanira m'chipinda chochezera, n'kutulutsa m'chitini cha mabisiketi mapepala okutidwa ndi pulasitiki. "Mwana wanga," anatero, "usanalembe kuti ndife osauka, uyambe walemba kuti malo ano agogo anga anagula ndi ndalama zawo." Pepala limodzi linali kope la chikalata cha umwini wa puloti yonseyi, ndipo nkhani ya pepala limeneli ndiyo nkhani ya Alexandra.

Malo ano anali famu ya mzungu wina dzina lake Herbert Papenfus, amene poyamba anafuna kugulitsa mapuloti kwa azungu anzake koma iwo anaona kuti n'kutali ndi mzinda. Mu 1912 mapulotiwo anayamba kugulitsidwa kwa anthu akuda ndi amakaladi. Chaka chotsatira, mu 1913, kunabwera lamulo la malo loletsa anthu akuda kugula malo m'mbali yaikulu ya dziko la South Africa, koma popeza Alexandra inali itakhazikitsidwa kale, inatsala ngati amodzi mwa malo ochepa kwambiri a m'tauni kumene munthu wakuda akanatha kunena kuti pano ndi panga. Mapuloti anali aakulu, ndipo eni ake ankamanga zipinda kuseri n'kumachititsa lendi kwa anthu obwera kudzafuna ntchito. Khonsolo ya Johannesburg sinkalitenga derali ngati lake, choncho kwa zaka zambiri kunalibe magetsi, ndipo n'chifukwa chake linkatchedwa Dark City.

Boma latsankho silinakondwere kuti anthu akuda akhale ndi malo awoawo pakati pa madera a azungu. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anthu miyandamiyanda anasamutsidwa mokakamiza kupita ku Meadowlands ndi Diepkloof ku Soweto komanso ku Tembisa, ndipo mapuloti analandidwa. Amene anatsala, monga makolo a gogo, anasanduka anthu a lendi m'nyumba zimene anamanga okha. Malamulo oletsa anthu akuda kulowa m'tauni atathetsedwa mu 1986, anthu anakhamukira kuno n'kumanga paliponse pamene panali mpata. Lero mabanja a eni mapuloti akale akufuna malo awo abwezedwe, pamene mabanja okhala kuseri, ena mwa iwo atakhalapo zaka 30 kapena kuposa, alibe kwina kolowera. Mkanganowu unafika kukhoti, ndipo mu 2005 khoti linaletsa boma kugwetsa kapena kumanga pa mapuloti okanganiridwawo mpaka nkhani ya umwini itatha.

Ndaona lero kuti mpopi umodzi wa mabanja 14 si chizindikiro cha umbuli kapena ulesi, monga alendo ena amafulumira kuweruza. Gogo sangaononge ndalama zawo za penshoni kukonza malo amene boma silinawavomereze kuti ndi awo, okhala kuseri sangamange zanjerwa pamalo pamene angachotsedwe, ndipo khonsolo nayo imaloza kukhoti. Mipope ya zimbudzi imene inakonzedwera banja limodzi pa puloti ikunyamula zonyansa za anthu makumi asanu, ndipo ikaphulika zimayenderera mumsewu.

Lachitatu

Tsiku la lero tathera m'misewu, ndipo miyendo ikuwawa. Tinayambira pa 7th Avenue, pamene pali kachipinda kanjerwa kamene Nelson Mandela ankachita lendi atangofika ku Johannesburg mu 1941. Kachipindako kanalibe magetsi ngakhale madzi, ndipo iye ankagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ya maloya m'tauni, kumene nthawi zina ankapita wapansi posowa ndalama ya basi. Pakhoma pali chikwangwani cha mbiri, koma bwalolo ndi lodzaza ndi mabanja ngati la gogo, zovala zili pachingwe, ana akusewera pakhomo. Ndinakondwera kuti sanalisandutse malo oonetsa alendo okha, ngakhale kuti zinandipweteka mtima kuona kuti patatha zaka zopitirira 80 anthu a pabwalopo akutungabe madzi pa mpopi wapanja.

Mayi wondiyendetsa amanyadira kwambiri nkhani ya mabasi, ndipo anaifotokoza titaima pa mphambano. Anthu a ku Alexandra ananyanyala mabasi kangapo m'zaka za m'ma 1940, ndipo Mandela yemwe anayenda nawo pa chionetsero cha mu 1943. Kunyanyala kodziwika kwambiri ndi kwa mu Januwale 1957, pamene kampani ya mabasi ya PUTCO inakweza mtengo kuchoka pa mapeni 4 kufika pa mapeni 5. Kwa miyezi pafupifupi itatu anthu ankayenda wapansi makilomita pafupifupi 15 kupita kuntchito m'mawa, ndi enanso 15 pobwerera madzulo, pa nthawi ya mvula, apolisi akuwaimitsa panjira kufuna ziphaso. Mapeto ake mtengo unabwerera pa mapeni 4, ndipo boma linakhazikitsa lamulo loti olemba ntchito azisonkherako ndalama ya mayendedwe a antchito awo. Amayi a gogo anali m'gulu la oyendawo. Peni imodzi imaoneka yochepa kwa munthu amene sanawerengepo malipiro a wantchito wa m'nyumba wa nthawi imeneyo, koma anthu a kuno ankadziwa kuti mtunda wa pakati pa nyumba ndi ntchito ndiwo umadya malipiro, ndipo maganizo amenewo ndawapeza akadali amoyo mwa aliyense.

Titachoka apo tinapita kukaona mahositelo. M'zaka za m'ma 1960 boma linakonza zoti ligwetse nyumba zonse za mabanja, m'malo mwake limange mahositelo a antchito osakhala ndi mabanja awo, amuna paokha akazi paokha. Amene anamangidwa ndi atatu: Madala ndi Nobuhle a amuna, ndi Helen Joseph ya akazi. Ndi zinyumba zikuluzikulu zanjerwa, zamawindo ang'onoang'ono, zofanana ndi ndende, ndipo lero mukukhala anthu ochuluka kuposa amene anakonzedwera, ana omwe ali momwemo. Sitinalowe ku Madala. Mayiwo anati mlendo salowa popanda chilolezo cha akuluakulu a mmenemo. Dera loyandikana nalo anthu amalitchabe Beirut, pokumbukira nkhondo ya mu 1991 ndi 1992 pakati pa okhala m'hositelo ndi okhala m'nyumba zozungulira. Chiwembu chogwetsa Alexandra chinalephereka chifukwa cha kampeni imene anaitsogolera M'busa Sam Buti, ndipo mu 1979 boma linalengeza kuti derali silichotsedwanso. Mu Febuluwale 1986 kunabuka kumenyana kwa masiku 6 pakati pa achinyamata ndi apolisi pambuyo pa maliro, ndipo makomiti a m'mabwalo ndi m'misewu amene Moses Mayekiso anathandiza kukhazikitsa anayamba kuyendetsa derali okha. Mpaka pano mabwalo ambiri ali ndi komiti yoona za ukhondo ndi mikangano, ndipo la gogo ndi limodzi mwa iwo.

Madzulo tinagula kota, buledi wobooledwa pakati wodzazidwa ndi tchipisi, soseji ndi acha, pa kasitolo kamene kuno amati spaza.

Lachinayi

Lero tinatsikira ku mtsinje wa Jukskei, kudera la zisakasa lotchedwa Setswetla, ndipo sindinaonepo malo ovuta kukhalamo ngati amenewa. Mtsinjewu umayambira pakati pa mzinda wa Johannesburg n'kulowera kumpoto mpaka kukathira mu mtsinje wa Crocodile, umene umadzaza damu la Hartbeespoort. Pofika ku Alexandra madzi ake amakhala otuwa, onunkha, ndipo m'mitengo ya m'mbali mwake mwakolekeka mapulasitiki ndi nsanza pamwamba kuposa mutu wa munthu, kusonyeza pamene madzi amafika akasefukira. Popeza kumtunda konse ndi phula ndi simenti, mvula yamabingu ikagwa m'tauni madzi salowa pansi, ndipo mtsinje umadzaza m'kanthawi kochepa, nthawi zina usiku anthu ali m'tulo, kuno kusanagwe dontho.

Zisakasa zafika m'mphepete penipeni mwa gombe. Zina zamangidwa pa zigumukire za njerwa ndi simenti zimene magalimoto amadzataya kuno, ndipo anthu amazisalaza kuti apeze pomanga. Zimbudzi ndi zapulasitiki zonyamulika, zondandalikidwa m'mbali mwa njira, ndipo amayi anandiuza kuti kukada sapitako poopa achifwamba, amagwiritsa ntchito ndowa. Mawaya a magetsi olumikizidwa mwakuba ayala pansi ndi pamwamba pa madenga, ena osakutidwa n'komwe, ndipo mayi wondiyendetsa anandigwira mkono kangapo kuti ndisaponde. Moto ukabuka chifukwa cha kandulo kapena mbaula ya parafini, galimoto yozimitsa moto imalephera kulowa. Mu Disembala 2018 moto umodzi unapsereza zisakasa mazanamazana mu Alexandra tsiku limodzi. Makoswe ndiwo osaneneka, aakulu, oyenda masanasana, ndipo vutoli linakula mpaka khonsolo inaika akadzidzi m'masukulu ena kuti aziwagwira, ngakhale kuti anthu ambiri sanakondwere nazo mbalamezo chifukwa cha zikhulupiriro.

Ndinacheza ndi bambo wina amene ankakhoma malata atsopano m'munsi mwa chisakasa chake, pamene madzi anaboola. Amagwira ntchito yotsuka magalimoto ku Sandton. Nditafunsa chifukwa chimene sasamukira kumalo otetezeka, anaika hamala pansi n'kundiwerengetsera ndi zala. Mu 2001 boma linachotsa mabanja ambiri m'mbali mwa mtsinjewu n'kuwapititsa ku Diepsloot ndi ku Bram Fischerville, ndipo banja la kwawo linali m'gulumo. Kumeneko anapeza kuti ayenera kukwera maminibasi awiri popita ndi awiri pobwera, motero gawo lalikulu la malipiro linkathera panjira. Anabwerera. Pano amadzuka, n'kuyenda wapansi, ndipo ndalama yonse imafika kunyumba. Sanayankhule ngati munthu wosowa nzeru kapena wotaya mtima. Anayeza kuopsa kwa madzi ndi kuopsa kwa njala, n'kusankha chimene chimabwera kamodzikamodzi.

Kutsidya kwa mtsinje zinthu n'zosiyana. Ku East Bank kuli nyumba zabwino zokhala ndi mipanda, ndipo kumtunda kwake kuli Tsutsumani, mudzi umene unamangidwira ochita masewero a All-Africa Games a mu 1999 kenako n'kugawidwa kwa anthu. Mu 2001 Pulezidenti Thabo Mbeki anakhazikitsa ntchito yokonzanso Alexandra ya ndalama zokwana marandi 1.3 biliyoni, ndipo kunena chilungamo, nyumba zambiri, masukulu ndi misewu ya mbali imeneyi ndi zipatso zake. Koma malo aliwonse amene anachotsapo zisakasa, zina zinamerapo, ndipo pakati pa Old Alex sanakhudzepo kwenikweni. Mu Epulo 2019 anthu anatseka misewu yonse ya derali pokwiya ndi zinyalala, nyumba ndi kusowa kwa chitukuko, ndipo funso la kumene ndalama zija zinapita linafika mpaka ku bungwe loona za ufulu wa anthu la dzikoli.

Lachisanu

Pafupi ndi Pan Africa ndinamva munthu akuyankhula Chichewa pafoni. Anali telala wokhala pakhonde la sitolo ndi makina ake opalasa ndi phazi, akufupikitsa thalauzi la yunifolomu ya mlonda. Atamaliza ndinamupatsa moni, ndipo anandiyang'ana kaye kumaso asanayankhe motsitsa mawu kuti, "Tili bwino achimwene, kaya inu. Khalani apa, koma tisakweze mawu." Wakhala kuno zaka zambiri, amayankhula Chizulu ndi Chisutu bwinobwino, ndipo chiyankhulo chake amachisungira pafoni ndi m'nyumba.

Pa 11 Meyi 2008 zipolowe zolimbana ndi anthu obwera zinayambira mu Alexandra muno, n'kufalikira m'madera ena a dzikoli. Anthu 62 anaphedwa, ena mwa iwo nzika za South Africa zomwe, ndipo masauzande ambiri anathawa m'nyumba zawo. Kuno anthu anakabisala ku polisi. Telalayu anandiuza kuti amene anamupulumutsa ndi mayi mwini nyumba imene ankachita lendi, mayi wa konkuno, amene anamutsekera m'chipinda chake n'kuima pakhomo kuuza gulu la anyamata kuti mlendo anathawa kale. Mu 2022 magulu olimbana ndi anthu obwera otchedwa Dudula anathamangitsanso ogulitsa malonda obwera pamalo omwe tinakhalapo, ndipo iye anatseka makina kwa milungu ingapo. Ndinafunsa ngati saganiza zochoka. Anati makasitomala ake onse ndi anthu a ntchito za ku Sandton ndi ku Wynberg, ndipo ana ake amaphunzira ndi ndalama ya makina amenewa.

Pobwerera mayi wondiyendetsa sanabise maganizo a anthu a kwawo. Anati pali anthu amene analembetsa nyumba za boma mu 1996 ndipo akudikirabe, ndiye akamva mphekesera yoti nyumba yagulitsidwa mwachinyengo kwa munthu wobwera, mkwiyo umagwera pa amene ali pafupi. Ndikumvetsa kuwawa kwa kudikira zaka zonsezo, koma sindingavomereze kuti telala wa pakhonde ndiye analanda mapuloti kapena kudya ndalama za chitukuko. Mkwiyo ukasowa kolowera umapweteka eni ake omwe, monga zinachitikira mu Julayi 2021 pamene sitolo za pa Pan Africa zinathyoledwa, ndipo ngakhale wailesi ya anthu a m'derali, Alex FM, inaberedwa zipangizo zake.

Loweruka

Bwalo ladzuka mochedwa lero, ndipo mpopi wakhala wa ochapa tsiku lonse. Amayi angapo anasonkhana m'nyumba ya gogo pa stokvel yawo, gulu losonkherana ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo ndinaona kope lolembedwa mwaluso, dzina lililonse ndi ndalama yake, mbali ina ya maliro, mbali ina yogulira chakudya chochuluka mu Disembala. Mwa mamembala ake muli amayi okhala m'zisakasa za kuseri, omwewo amene pa nkhani ya puloti ali mbali yotsutsana ndi gogo.

Msonkhano utatha, gogo anavala chipewa chawo cha kutchalitchi n'kuika mapepala aja m'chikwama, popeza masana kunali msonkhano wa mabanja a eni mapuloti akale. Mayi wa kamtsikana ka malaya oyera ndi amene anawathandiza kutsika masitepe. Ali pachipata anafunsa mwaulemu, koma mosabisa, kuti, "Gogo, akakubwezerani malowa, ife mudzatiuza kuti tipite kuti?" Gogo anayankha kuti iwo sadzathamangitsa munthu, koma sangalonjeze m'malo mwa adzukulu awo, amene akufuna kudzamanga nyumba zosanja zochititsa lendi. Mayiyo anati ayamba kale kufunsa mitengo ya zipinda ku Tembisa, ndipo atawerengetsera ndalama ya maminibasi anapeza kuti ntchito yake ya ku Sandton sangapitirize nayo.

Mawa m'mawa ndikwera sitima ya Gautrain pa siteshoni ya Marlboro kupita ku bwalo la ndege la OR Tambo. Gogo andiuza kuti ndisanyamuke ndisanamve zimene akambirana kumsonkhanoko, choncho ndikuwadikira abwere.